Kusankha ndi Kuyendetsa Mota ya Makina Onolera a Lamba

Chiyambire pamene magetsi a pulogalamu ya MAREP adayamba kufika m'misika ya kumidzi, ntchito yowotcherera zitsulo ndi kusula zipangizo yakula m'mawodi athu. Amisiri ambiri akudalirabe galayinda yapamanja podula, popala ngakhalenso ponola. Komatu alipo makina ena amene mmisiri angathe kudzipangira yekha, omwe amanola khasu, chikwanje, nkhwangwa ndi mpeni mosalala kuposa galayinda. Awa ndi makina onolera a lamba: lamba wa sandipepa amazungulira pa magudumu awiri, atatu kapena anayi, ndipo mmisiri amagunditsa chitsulo pa lambayo. Thupi la makinawa silivuta, poti zidutswa za paipi ndi zitsulo zotsala pa ntchito zina zimakwanira. Ndalama zambiri zimalowa pa mota, ndipo kwa munthu amene mpamba wake wachokera ku banki m'khonde, kugula mota yolakwika n'kumira ndi ngongole makina asanabweretse ngakhale tambala.

Ogula ambiri akafika pa wogulitsa amayamba ndi kufunsa kuti motayo ndi ya mahosipawa angati. Funsolo n'lofunika, koma loyamba ndi lakuti lamba azithamanga bwanji. Popala chitsulo chochindikala, lamba amafunika liwiro la mamita 20 kapena kuposerapo pa sekondi imodzi, ndipo malamba olimba a mchenga wa ceramic amadula bwino pa liwiro lotere. Pomaliza kunola, pamene mpeni wapyapyala kale, liwiro lomweli limasanduka mdani. Chitsulo chopyapyala chimatentha m'kanthawi kochepa. Chikafika pafupifupi madigiri 230 chimasintha mtundu n'kuoneka ngati udzu wouma, ndipo chikafika cha m'ma 300 chimachita buluu. Pamenepo kulimba kumene mmisiri adakupezera posula ndi poviika kwachepa, ndipo chikwanje chotero chimabuntha mlimi asanamalize kusenga ndime imodzi. Ntchito yomalizayi imafuna mamita 5 mpaka 10 pa sekondi. Matabwa nawo amapserera lamba akathamanga kwambiri. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika, ndipo pa makinawa mawuwo ndi oona ndithu.

Kuwerengera liwiro la lamba sikufuna sukulu yapamwamba. Gudumu loyendetsa lamba likazungulira kamodzi, lambayo amasuntha mtunda wofanana ndi chingwe chozinga gudumulo. Ngati gudumu ndi lotambalala mamilimita 100, chingwe cholizinga chimatalika mamilimita 314. Mota yozungulira maulendo 2,850 pa mphindi idzakoka lamba mamita pafupifupi 895 pa mphindi, ndipo mukagawa ndi 60 mupeza mamita 15 pa sekondi. Mukaika gudumu la mamilimita 150 pa mota yomweyo, liwiro limakwera kufika pa mamita 22. Gudumu lomwelo likakhala pa mota ya maulendo 1,425, lamba amayenda mamita 11 okha. Choncho mota ndi gudumu zimasankhidwa pamodzi, ndipo ndi bwino kuwerengera zimenezi papepala musanapite kumsika.

Manambala awiriwa, 2,850 ndi 1,425, sadangochitika mwangozi. Magetsi a ESCOM amabwera ndi mphamvu ya 230 V m'nyumba zathu ndipo amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, zomwe zimalembedwa kuti 50 Hz. Mota yamtundu wa induction, yomwe ndi yofanana ndi ya pachigayo, imatsatira kusinthasintha kumeneku. Ya mapolo awiri imazungulira mochepera pang'ono maulendo 3,000 pa mphindi, ya mapolo anayi mochepera pang'ono 1,500. Mtundu uwu ndiwo woyenera makina onolera, chifukwa suchepetsa liwiro kwambiri mukatsindikiza chitsulo, ulibe makala otha msanga, ndipo umagwira ntchito tsiku lonse. Mota yochotsedwa m'galayinda yapamanja ndi yamtundu wina. Galayinda yaing'ono imazunguza mwala wake maulendo oposa 10,000 pa mphindi, imalira kwambiri, ndipo siidapangidwe kuti iziyenda maola ambiri osapuma. Mota ya pampu ya madzi nthawi zambiri imakhala ya mapolo awiri ndipo ingathe kugwira ntchito, ngakhale shafuti yake imavuta kumangirirapo gudumu. Zochokera ku America samalani nazo: zambiri ndi za 120 V ndi 60 Hz, ndipo ya 120 V ikalumikizidwa ku magetsi athu imapsa nthawi yomweyo.

Za mphamvu tinene mwachidule. Hosipawa imodzi ndi pafupifupi 0.75 kW. Lamba wotambalala mamilimita 50, amene kutalika kwake kumakhala mamilimita 2,000 kapena 1,830, amayenda bwino ndi mota ya 1.1 kW mpaka 1.5 kW. Yochepera 0.75 kW imaima mukangotsindikiza khasu. Yokulirapo nayo ili ndi vuto lake: mota ya single phase ya 1.5 kW imakoka pafupifupi 9 A kapena 10 A, pamene ya 2.2 kW imafika pa malire a pulagi zathu za mano atatu, zomwe fiyuzi yake ndi ya 13 A. Onjezani apo kuti podzuka mota imakoka magetsi ochuluka kasanu kapena kuposerapo, ndiye mudziwa chifukwa chake mababu a m'nyumba yoyandikana nayo amaphethira makina akamayatsidwa. Mota ya chigayo, ngakhale mutaipeza motsika mtengo, njaikulu mopitirira muyeso.

Chinthu chimene ogula amachinyalanyaza kawirikawiri ndi thupi la mota. Makina onolera amatulutsa fumbi la chitsulo, ndipo fumbi limeneli limadutsa magetsi. Mota yokhala ndi mabowo olowera mpweya, monga zambiri za m'makina ochapira zovala, imayamwa fumbilo n'kulikundika pa mawaya a m'kati mpaka tsiku lina itulutse utsi. Yoyenera ndi yotsekeka paliponse, ya mizere yotumphuka pathupi ndi fani kumbuyo kwake. Pa kachitsulo kolembedwa kamene kamakhomedwa pa mota, yang'anani zilembo IP54 kapena IP55, zosonyeza kuti fumbi sililowa mwachisawawa, komanso S1, kutanthauza kuti ingathe kuyenda mosalekeza. Mota yopanda kachitsulo kameneka ili ngati mbuzi yogula usiku, ndipo mtengo wake uyenera kusonyeza zimenezo.

Tsono popeza ntchito zina zimafuna liwiro lalikulu ndipo zina laling'ono, mmisiri achite bwanji ndi mota imodzi? Pano mpamene ambiri amaonongera ndalama. Kachipangizo kochepetsera kuwala kwa babu kapena liwiro la fani ya kudenga sikagwira ntchito pa mota ya induction ya makina onolera. Kamangochepetsa mphamvu ya magetsi, pamene liwiro la mota yotere limatsatira 50 Hz ija. Zotsatira zake n'zakuti mota imafooka, imalira mobuula, imatentha, kenako imapsa. Mu mota ya single phase yodzukira capacitor muli kaswichi kamene kamadula mawaya odzutsira liwiro likakwana. Mukaikakamiza kuyenda pang'onopang'ono, kaswichiko sikatseguka, ndipo mawaya amene adapangidwa kuti azigwira ntchito masekondi ochepa okha amanyeka.

Njira yodalirika ndiponso yotsika mtengo ndi ya mapule, yomwe aliyense amene adaonapo chigayo kapena makina oboolera zitsulo amaidziwa. Mota siigwira gudumu mwachindunji, koma imayendetsa shafuti ina kudzera pa lamba wa rabara. Pule ya pa mota ikakhala theka la ya pa shafuti, liwiro limatsika ndi theka. Zikafanana silisintha, ndipo ya pa mota ikakula kawiri, liwiro nalo limawirikiza. Tengani mota ya maulendo 1,425, gudumu la mamilimita 150 ndi mapule a masitepe atatu otere: mudzakhala ndi liwiro la mamita pafupifupi 6, 11 ndi 22 pa sekondi. Pamenepo ntchito zonse za mmisiri wa pamsika zakwanira, kuyambira kupala sipulingi ya galimoto mpaka kunola mpeni wa kukhitchini. Zofunika kuwonjezera ndi shafuti, maberingi awiri ndi chotchinga cha lata pa mapulewo. Chotchingachi musachione ngati chokongoletsera, pakuti lamba wa rabara akagwira mkono wa malaya saleka. Kusintha liwiro kumafuna kuzimitsa makina ndi kusuntha lamba ndi manja, koma chilichonse chikaonongeka chimapezeka pafupi ndipo chimakonzedwa ndi sipanala. Kwa mmisiri wa kutali ndi tawuni, ine ndikuona kuti njira iyi ndiyo yanzeru.

Njira yachiwiri ndi ya kabokosi kotchedwa VFD. Kabokosika kamalandira magetsi a single phase a 230 V n'kutulutsa a three phase, ndipo kamasintha nambala ya 50 Hz ija kuti ikwere kapena itsike monga mwa kufuna kwanu. Popeza mota imatsatira nambalayo, liwiro limasintha pongopotokola kabatani, makina ali m'kati moyenda. Ubwino wina ndi wakuti mota imadzuka pang'onopang'ono osakoka magetsi ochuluka nthawi imodzi, zomwe zimathandiza ogwiritsa ntchito jenereta kapena magetsi a dzuwa. Koma VFD imafuna mota ya three phase, osati ya single phase, ndipo pa kachitsulo kake payenera kulembedwa 230/400 V. Mota yotere imalumikizidwa mwa njira ya delta, yomwe chizindikiro chake ndi kachithunzi ka ngodya zitatu, kuti igwirizane ndi 230 V. Yolembedwa 400/690 V siipereka mphamvu zake zonse pa kabokosi kotere, ngakhale wogulitsa atalumbira motani.

VFD ili ndi malamulo ake, ndipo owaphwanya amalipira modula. Mota ikamayenda pang'onopang'ono, fani yake nayo imayenda pang'onopang'ono, choncho kuigwiritsa ntchito yolemera kwa nthawi yaitali pansi pa 20 Hz n'kuiphika. Mukakweza kupitirira 50 Hz liwiro limakula koma mphamvu yokoka imachepa. N'chifukwa chake amisiri ambiri amakonda mota ya mapolo anayi: pa 50 Hz imakoka mwamphamvu, ndipo ikafika pa 100 Hz imathamanga ngati ya mapolo awiri. Pakati pa VFD ndi mota pasakhale swichi iliyonse, chifukwa kudula mawaya amenewo makina akuyenda kumatha kuotcha kabokosiko. Mabokosi otsika mtengo amakhala ndi mabowo a mpweya, ndipo fumbi la chitsulo limawapha msanga kuposa mmene limaphera mota, motero ayenera kukhala m'kabati kotsekeka kutali ndi kumene nthethe zimagwera. Dziwaninso kuti m'kati mwake mumatsala magetsi oopsa kwa mphindi zingapo mutazula kale pulagi.

Kaya mwasankha njira iti, pali nkhani ina imene kuno kwathu njaikulu kuposa m'maiko amene magetsi sathimathima. Taganizani makina olumikizidwa pa swichi wamba ya pakhoma. Magetsi athima masana, mmisiri wasiya chikwanje chotsamira pa lamba n'kupita kukadya, swichi ili chiyatsire. Magetsi akabwerera makinawo amadzuka okha, mwina mwana wophunzira ntchito akusesa pansi pake kapena akusintha lamba. Mankhwala ake ndi sitata ya mabatani awiri, lobiriwira loyatsira ndi lofiira lozimitsira. M'kati mwake muli maginito amene amagwira swichi pokhapokha magetsi alipo. Akathima imamasuka, ndipo makina sadzukanso mpaka munthu adine batani lobiriwira. Sitata yabwino imakhalanso ndi kachipangizo kodula magetsi mota ikayamba kukoka mopitirira muyeso, monga zimachitikira magetsi akabwera ofooka madzulo, ndipo kamayenera kutcheredwa pa nambala ya ma amp yolembedwa pa motayo. Pa VFD, uzani wolumikiza kuti aitchere kuti isamadzuke yokha magetsi akabwerera. Batani lozimitsira likhale pamalo oti dzanja kapena bondo lifikepo msanga, osati kuseri kwa lamba.

Thupi lonse la makinawa ndi lachitsulo, ndipo mmisiri amagwira ntchito ndi manja onyowa chifukwa choviika mpeni m'madzi pafupipafupi. Waya wa earth uyenera kumangidwa pa mota ndi pa thupi la makina lomwe. Kulumikiza magetsi kusiyireni munthu wovomerezeka ndi bungwe la MERA, ndipo mawaya akhale ochindikala mokwanira, osati aja opyapyala olumikizira wailesi. Poyesa koyamba onetsetsani kuti lamba akutsikira pansi pa malo ogunditsapo chitsulo. Ngati akukwera m'mwamba, mota ya three phase imabwezedwa posinthanitsa mawaya awiri mwa atatu aja.

Ambiri adzagula mota yakale, ndipo palibe cholakwa pamenepo ngati mwaiyesa. Zunguzani shafuti ndi dzanja: iyende mosalala, mopanda phokoso la mchenga, ndipo isagwedere mukaikankhira m'mbali. Maberingi otha amasinthika mosavuta, koma shafuti yopindika idzagwedeza lamba moyo wake wonse. Nunkhizani pa kabokosi ka mawaya, chifukwa fungo la vanishi wopsa silibisika. Capacitor yotupa kapena yodontha mafuta njakutha. Pomaliza pemphani wogulitsa kuti aiyatse ndi kuisiya ikuyenda mphindi khumi. Mota yabwino yoyenda yopanda katundu imangofunda pang'ono, moti dzanja limakhazikika pathupi pake. Ikatentha mpaka kukuchotsani dzanja, kapena ikafuna kuti wina aizunguze ndi chingwe kuti idzuke, isiyeni pomwepo mukayang'ane ina.