Bwanji alembi athu amathera pa buku limodzi?

Inu a geni mukudziwa kuti kuyamba bizinesi sikovuta kwenikweni. Mpamba woyamba umapezeka: wina wagulitsa mbuzi, wina wathandizidwa ndi amalume a ku Joni. Pamene pamaoneka munthu ndi pa ulendo wachiwiri wokapikula, ndalama zija zitalowa m'mimba ndi m'ngongole. Ine ndikuti kulemba mabuku a nthano zazitali, amene azungu amati novel, n'chimodzimodzi. Loyamba limatuluka. Lachiwiri ndiye mavuto, abale.

Tiyambire konkuno kunyanja. Mukaima pa jeti pano pa Nkhata Bay, Ilala ikamanyamuka kulowera ku Likoma, dziwani kuti ikupita kwawo kwa a David Rubadiri. Kale chilumbachi chinali mbali ya boma lathu lomwe lino la Nkhata Bay, ndiye tikati ndi munthu wathu sitikuba ayi. Bambowa anabadwa mu 1930, anaphunzira ku Makerere ndi ku Cambridge, ndipo mu 1964 anakhala kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku United Nations. Sipanathe nthawi, nduna zitakangana ndi a Kamuzu Banda, iwo anatula pansi udindo mu 1965 n'kukhala munthu wothawa kwawo.

Mu 1967 kampani ya East African Publishing House ya ku Nairobi inatulutsa buku lawo, No Bride Price. Ndi nkhani ya Lombe, bwana wa m'boma m'dziko lina la mu Africa limene langolandira kumene ufulu, ndi momwe ukulu, katangale ndi ndale zimamugwetsera pansi. Anthu analiwerenga, analikamba m'mayunivesite. Aliyense anati basi, uyu ndiye watiyambira, tidikire lachiwiri. Silinabwere.

Ulesi? Ayi ndithu. Taonani moyo wake. Anaphunzitsa ku Makerere mpaka Idi Amin atavuta, n'kuthawanso kachiwiri. Kenaka Nairobi, kenaka Botswana. Munthu wosamukasamuka chonchi, ana akufuna fizi, ophunzira akudikira m'kalasi, mapepala oti achonge ali mulu patebulo, angaipeze kuti miyezi yokhala phee? Ndakatulo mutha kuilemba usiku umodzi kuseri kwa envulopu, ndipo ndakatulo iwo analembadi, zina ana athu anaziloweza kusukulu. Koma nthano ya masamba 200 imafuna mpando umodzi ndi mutu wosasokonezeka kwa chaka kapena ziwiri. Ndi ngati kumanga nyumba ya njerwa pamene ukudziwa kuti mawa akhoza kukuthamangitsa pamalopo.

Si iwo okha. A Aubrey Kachingwe, mtolankhani, anatulutsa No Easy Task mu 1966 ku kampani ya Heinemann. Limenelo ndi lomwelo. A Paul Tiyambe Zeleza anatipatsa Smouldering Charcoal mu 1992, buku limene ambiri a inu munalembera mayeso a Fomu 4. Alemba mabuku ena ambiri a mbiri ndi maphunziro, koma akamatchulidwa pa nthano zazitali anthu amangotchula lomwelo.

Kwa amene anatsala kuno kumudzi panalinso chilombo china. Mu 1968 boma linakhazikitsa lamulo lounika mabuku ndi zisudzo, ndipo Censorship Board inkanunkhiza tsamba lililonse. Buku loyamba mwina linkadutsa poti sakukudziwa. Ukatchuka, maso onse pa iwe. Ukalemba za mfumu yokalamba yankhanza, ati ukunena Ngwazi. Ukalemba za njala, ati ukunyoza dziko. Ambiri anaona kuti kuli bwino kutseka pakamwa kusiyana n'kukagona ku Mikuyu, kumene a Jack Mapanje anatsekeredwa kuyambira 1987 mpaka 1991. Chaka chomwecho cha 1968 Chichewa chinakwezedwa kukhala chiyankhulo cha dziko, ndiye Mtonga wofuna kulemba m'chiyankhulo cha amayi ake anatsala wopanda msika.

Koma tisamangonamizira ndale zokha. Matipate anabwera mu 1994, mantha aja anachepa, nanga mabuku achiwiri ali kuti?

Apa ndiyankhule za ine mwini, poti kabuku kamodzi ndinatulutsako. M'menemo ndinathiramo zonse: ubwana wanga, agogo anga ndi nthano zawo, asodzi a usipa ndi nyali zawo usiku, chibwenzi changa choyamba, maliro amene ndinalira. Zaka makumi atatu za moyo ndinazigulitsa tsiku limodzi. Pokhala pansi kuti ndiyambe lachiwiri ndinapeza nkhokwe ili gwa! Loyamba umalemba zimene wakhala ukusunga. Lachiwiri uyenera kukapikula kwina, kumvetsera anthu ena, kupeka anthu amene sali iwe.

Ndiye pali amene anawerenga loyamba lija. Wina akukumana nawe pamsika uku ukugula batala, ati, "Achimwene, lina lija lituluka liti? Koma likhale ngati loyamba lija." Wina ati, "Musabwerezenso zomwe zija." Umvere uti? Poyamba unkalemba wekha, palibe amene ankakudikira. Tsopano ukagwira cholembera umamva anthu akupumira m'khosi mwako.

Za ndalama ndiye musafunse. Mlembi kawirikawiri amalandira K10 pa K100 iliyonse ya mtengo wa buku, ndiponso mochedwa. Kampani imene inasindikiza langa, sindiitchula, inandiuza poyera kuti ngati buku silinalowe pa silabasi ya sukulu iwo salionera phindu. Mayi wogulitsa tomato amadziwa pofika madzulo ngati wapindula kapena wagwa. Mlembi amadikira chaka kuti auzidwe kuti makope ake adakali m'katoni. Ndi mtima uti umene ungayambirenso?

Matendawa si a Amalawi okha. Ku America, Ralph Ellison anagwedeza dziko ndi Invisible Man mu 1952. Lachiwiri analimbana nalo zaka zoposa 40, mbali ina ya mapepala inapsa ndi moto mu 1967, ndipo anamwalira mu 1994 asanalimalize. Ku Zimbabwe, Tsitsi Dangarembga anatulutsa Nervous Conditions mu 1988, lotsatira lake linadza mu 2006, patatha zaka 18.

Alipo amene anawoloka. A Legson Kayira a ku Chitipa, aja anayenda wapansi kufuna sukulu, atalemba mbiri yawo I Will Try mu 1965 anatsatiza nthano zinayi pofika 1974. Koma onani kumene ankalembera: kunja, kutali ndi Censorship Board, pafupi ndi makampani osindikiza. A Willie Zingani nawo anatulutsa angapo m'Chichewa, monga Njala Bwana ndi Madzi Akatayika, moti kuno komwe n'zotheka.

A Rubadiri anabwerera ku United Nations ngati kazembe mu 1997, nthawi ya a Bakili Muluzi, ndipo mu 2000 anakhala mkulu wa University of Malawi. Mu 2004 ndakatulo zawo zinasonkhanitsidwa m'buku limodzi. Anamwalira mu September 2018 ku Mzuzu, pamtunda pomwepa, patatha zaka 51 chitulukireni No Bride Price.