Kodi mumadziwa? Mankhwala a nthata amatha kudwalitsa galu

• Agalu ambiri savutika nawo mankhwala ophera nthata ndi nkhupakupa, koma ena amasanza, kutsegula m'mimba, kuchucha dovu kapena kufiira khungu pamalo pomwe adonthezedwa mankhwalawo.

• Mu Seputembala 2018, bungwe la FDA ku America lidachenjeza kuti mankhwala a gulu la isoxazoline, monga Bravecto, NexGard, Simparica ndi Credelio, amachititsa agalu ena kunjenjemera, kudzandira ngakhalenso kugwa khunyu. Mankhwalawa amapha tizilombo posokoneza mitsempha yake, ndipo nthawi zina amakhudzanso mitsempha ya galu. Bungwelo silidawaletse, koma lidauza makampani kuti alembe chenjezoli pa mapaketi.

• Amitraz, amene amapezekanso m'dibi ya ng'ombe, akachuluka amafooketsa galu: amangogona, thupi limazizira, mtima n'kumagunda pang'onopang'ono.

• Permethrin, amene ali m'mankhwala ambiri a agalu, amatha kupha mphaka.

• Mulingo wa mankhwala umayendera kulemera kwa galu. Galu akayamba kudwala atapakidwa mankhwala, musambitseni ndi sopo ndi madzi ofunda, kenako thamangirani naye kwa dokotala wa ziweto mutanyamula paketi ya mankhwalawo.