Nyimbo zathu pa misonkhano ya ofufuza: tingalowemo bwanji?

Pali bungwe la pa dziko lonse la anthu ofufuza nyimbo ndi magule a makolo. Linayambira ku London mu 1947, ndipo lero dzina lake mwacidule ndi ICTMD. Msonkhano wake waukulu unacitikira ku Lisboa mu 2022, ku Legon m'dziko la Ghana mu 2023, ndiponso ku Wellington, New Zealand, mu 2025.

Msonkhano wotere usanafike, eni ake amalengeza mitu ya zokambirana, naitana aliyense amene ali ndi nkhani. Munthu sayamba ndi kutumiza nkhani yonse ai. Amalemba cidule cabe, mau ngati 300, kunena cimene wafufuza, kumene wafufuzako, ndi cimene wapeza. Komiti imawerenga n'kusankha. Wosankhidwa amapatsidwa kawirikawiri mphindi 20 zolankhula, kenaka amayankha mafunso.

Mwina mukuti, nanga ife a ku Tsangano ndi Macanga zikutikhudza pati? Paja mu 1971 Andrew Tracey analemba za gule wa nyanga wa anzathu Anyungwe a kuno ku Tete, ndipo ofufuza akuwerengabe. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu wa Acewa a ku Malawi, Zambia ndi kuno kwathu. Zathu n'zofunika ndithu, koma ozifotokoza kunjako kawirikawiri ndi alendo.

Ngoma ya Angoni, cintali ca amai, nyimbo za pamtondo, ngakhale zimene anthu athu anapeka ali kothawa nkhondo ku Nceu ndi Dedza mtendere wa 1992 usanabwere, zili m'mitima mwa agogo. Agogo akatsikira kuli cete, nyimbo zimapita nao.

Tsono inu aphunzitsi, akatekisita ndi ophunzira a sukulu ya kwaca, yambani ndi nyimbo imodzi. Pemphani cilolezo kwa anyakwawa ndi kwa woimbayo. Jambulani mau pa foni. Lembani dzina lake ngati walola, mudzi, tsiku, amene anamuphunzitsa, ndi nthawi imene nyimboyo imaimbidwa: pamaliro kodi, paukwati kapena pacinamwali? Mau ake alembeni monga waimbira, osakonza. Za kudambwe zimene eni ake akuti n'zacinsinsi, zisiyeni; si zathu zoulula.

Bvuto lilipo: misonkhanoyi imayenda makamaka m'Cingerezi, ndipo ulendo wake ndi wodula. Koma nkhani imatha kulembedwa ndi anthu awiri. Wa ku Furancungo kapena ku Ntengo-wa-Mbalame angagwirizane ndi wophunzira wa ku yunivesite, maina onse awiri n'kuonekera, pamodzi ndi la mwini nyimbo.

Musadikire kuti ayambe alengeza msonkhano. Agogo amene ali pakhomo panuwo, kacezeni nao sabata yomwe ino, kope ndi colembera zili m'manja.