Dimba la Ndiwo Pakhomo pa Mlimi wa Fodya

Mlimi amene wadzaza nkhokwe ndi chimanga, nagulitsanso fodya wake bwino, anthu amamuyesa wokhuta. Koma pitani pakhomo pake mwezi wa Okutobala, mukaone chimene chiri m'mbale ya ndiwo. Kawirikawiri mudzapeza nsima yambiri ndi tindiwo tongonyowetsa mbamu, ndipo masiku ena ana adyera madzi a mchere. Nsima ipatsa mphamvu yogwirira khasu, koma payokha siimanga thupi la mwana. Anthu odya chimanga chokhachokha nthawi yaitali amagwidwa nthenda imene madokotala aitcha pellagra: khungu lida ndi kusupuka m'malo owomba dzuwa, monga pakhosi ndi pamikono, ndipo m'mimba mutsekula. Mtedza, nyemba ndi nsomba ndizo zitchinjiriza nthendayi. Masamba obiriwira nawo athandiza maso ndi magazi. Chifukwa chake banja lirilonse lokhala pafupi ndi dambo kapena mtsinje liyenera kukhala ndi dimba lake la ndiwo.

Poyamba tinene za malo, pakuti alimi a fodya ambiri alakwa pomwepa. Nazale ya fodya ifuna madzi, dimba la ndiwo lifunanso madzi, kotero kuti zonse ziwiri zikumana padambo limodzi. Mlimi akazula mbande za fodya aona nthaka yofewa ndi yachonde, nati, ndiwokepo matimati. Musatero, abale. Fodya, matimati, kachewere, mabiringano ndi tsabola ndi mbeu za mtundu umodzi, ndipo zipatsirana matenda monga ana a nyumba imodzi apatsirana chikuku. M'nthaka mukhala tinyongolotsi tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso, timene tilowa m'mizu ndi kuitupitsa timfundomfundo. Mbeu yogwidwa ipinimbira, nifota masana ngakhale mwaithirira m'mawa momwemo. Tinyongolotsiti tikonda fodya ndi matimati chimodzimodzi, ndiponso therere. Mukaika nazale pamene panali matimati chaka chatha, mudzanyamula nthendayo ndi manja anu kupita nayo kumunda pamodzi ndi mbande, ndipo mudzaizindikira pa tsiku logulitsa fodya. Gawani dambo lanu: ndiwo mbali yake, nazale mbali yake, ndi mpata pakati woti madzi a kwina asayenderere kwina. Pamene pachoka matimati bzalanipo chimanga chachiwisi.

Palinso nthenda ina imene ichititsa masamba mawangamawanga ndi kukwinyika. Iyo iyenda pa zala za munthu. Amene wachokera kogwira fodya, kaya wosuta kaya wofwenkha m'mphuno, asambe m'manja ndi sopo asanakhudze matimati kapena mbande za m'nazale. Mapesi a fodya musawaponye m'dzenje la manyowa a kudimba.

Ntchito ya dimba iyambe mvula ikangotha, mwezi wa Epulo kapena Meyi, nthaka ikali ndi chinyontho. Yambani ndi mpanda, pakuti mbuzi imodzi itha kumaliza ntchito ya mwezi wathunthu inu muli kumaliro. M'mphepete mwa mtsinje siyani udzu ndi mitengo osalima, kuti gombe lisagumuke. Mabedi akhale a mapazi 3 kapena 4 m'lifupi, kuti dzanja lifike pakati inu osapondamo. Thirani manyowa owolerana bwino a m'khola kapena a mapesi a chimanga ndi zinyalala. Ndowe zaziwisi ziwotcha mizu. Mpiru ndi repu muwokere patapita masabata 3 kapena 4 chifesere, motalikirana phazi limodzi, ndipo muwoke madzulo dzuwa litapepa. Matimati atalikirane mapazi 2. Muwazikire timitengo, ndi kumachotsa mphukira zotuluka m'khwapa mwa tsamba, monga momwe muchitira ndi fodya mutadula nsonga. Pothirira lozani pa tsinde, osati pa masamba, ndipo yalani udzu wouma pabedi kuti madzi asathe msanga. Musafese mbeu zonse tsiku limodzi: fesani pang'ono masabata awiri alionse, kuti ndiwo zisachuluke mwezi umodzi ndi kusowa mwezi winawo.

Ine ndidabwa ndi alimi amene azula bonongwe ndi chisoso m'dimba ngati udzu, kuti kabichi apeze malo. Kabichi ali bwino pa msika, koma tsamba lobiriwira kwambiri ndilo liri ndi chakudya chochuluka koposa tsamba loyera. Mai Jessie Williamson anasonkhanitsa maina ndi ntchito za zomera za dziko lino m'buku lake lotchedwa Useful Plants of Nyasaland, limene linasindikizidwa ku Zomba m'chaka cha 1955, ndipo ndiwo zathu zimenezi ziri momwemo. Bonongwe, luni, nkhwani, khwanya, chitambe ndi kholowa sizifuna ndalama za mbeu, ndipo zipirira kumene kabichi alephera.

Tsopano kwa inu amai, pakuti ndiwo zabwino zitha kuonongekera mu mphika. Tsukani masamba musanawadule; mukawatsuka atadulidwa kale, zabwino zake zipita ndi madzi. Nkhwani muusadzule bwino. Tereka madzi ochepa, awire poyamba, ndipo pamenepo ikani masamba ndi mchere, nimuvundikire. Akangofewa ikani matimati awiri odula, ndi nsinjiro zodzaza dzanja limodzi pamwamba. Dikirani pang'ono kuti nthunzi ipse nsinjirozo, ndipo takasani, muzisiye zibwate pa moto wochepa kufikira fungo la mtedza wauwisi litatha. Msuzi wake musataye. Ndiwo zikasanduka zakuda mu mphika ndiye kuti zapsereza.

Za chidulo ndi soda ndinene mosabisa. Zifewetsa masamba msanga, inde, koma ziononga mbali ya mavitamini amene tiwafuna m'masambamo. Ndidziwa kuti therere lopanda chidulo palibe amene adzalidya, ndipo sinditsutsana nanu pamenepo. Koma mpiru, bonongwe ndi nkhwani wanthete zipsa zokha. Chigwada ndicho chifuna kusinja ndi kuphika nthawi yaitali mphika uli wosavundikira, chifukwa masamba a chinangwa ali ndi ululu umene uchoka pophika.

Mtedza wa nsinjiro muusankhe pa lichero, ndi kutaya wonse wachuku, wofota kapena wowawa. M'chaka cha 1960 ku England kunafa nkhukundembo zoposa 100,000 zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wachuku, ndipo pofufuza imfayo akatswiri anapeza ululu wotchedwa aflatoxin. Ululuwo uononga chiwindi cha munthu, ndipo sutha ndi kuphika kapena kukazinga. Chizolowezi chogulitsa mtedza wabwino ndi kusungira banja wotsalira chiyenera kuleka.

Mwana wosiya kuyamwa mumphikire phala la mgaiwa, osati la ufa woyera, pakuti pokonola ndi kuviika chimanga zabwino zambiri zitsala m'gaga ndi m'madzi. Muikemo supuni 2 za nsinjiro ndi masamba ophika opotedwa bwino, ndipo adye m'mbale yakeyake, asalimbirane ndi akulu.

Ndiwo zikachuluka, kaya za kudimba kaya za kumunda nthawi ya dzinja, pangani mfutso. Viikani masamba m'madzi owira kanthawi kochepa chabe, atsanuleni, ndi kuwayanika pa mphasa yoyera pathandala, pamene nkhuku ndi fumbi sizifika. Pamthunzi podutsa mphepo ndi pabwino koposa padzuwa lamphamvu, chifukwa masamba asunga kubiriwira kwake. Akauma kufikira afumbutuka pofinya, akulungeni m'chikwatu cha masamba a msuku, ndi kuchipachika kudenga kumene sikudontha.