Khomo la udotolo likatsekeka, mwana agogodenso liti?

Maina a osankhidwa kupita kuyunivesite akatuluka, m'makomo ena mumaphedwa nkhuku pomwe mwina mumangoti zii. Mwana amene ankalota udotolo watsala, ndipo makolo amagwira njakata: ayesenso chaka chamawa kapena adikire?

Malo ndi ochepa. Sukulu ya College of Medicine, yomwe idatsegulidwa mu 1991 ku Blantyre ndipo mu 2021 idakhala mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, imasankha amene adakhoza bwino zedi masamu, Biology, Chemistry ndi Physics pa mayeso a MSCE.

Choncho kulembanso fomu ndi mapointi omwe aja nthawi zambiri n'kungotaya ndalama. Nthawi yabwino yoyesanso ndi pamene mwana wabwereza Folomu 4 n'kukonza maphunziro amene adamugwetsa.

Koma kudikira kuli ndi malire, chifukwa bungwe la NCHE limatchula zaka za MSCE zomwe zikuloledwa pa chisankho chilichonse.

Banja liwerengerenso thumba lisanagulitse mbuzi. Ngati fizi yobwerezera palibe, Malawi College of Health Sciences ndi Malamulo ku Thyolo amaphunzitsa ma clinical officer, omwe ndiwo msana wa zipatala zam'maboma.