Chitseko chimayamba kuwolera pansi

Kwathu ku Chiradzulu kulibe nyanja, koma nzeru yosamalira thabwa ndikuti tikaibwereke kwa okhoma maboti pa Kachulu, ku nyanja ya Chilwa. Iwo amadziwa kuti thabwa limawolera pomwe diso silifika, n'chifukwa chake amamata kampata kalikonse madzi asanakapeze.

Ife tikamagula chitseko pa Njuli kapena pa Mbulumbuzi, timangotengeka ndi kuwala kwa vanishi. Koma kunsi kwake, pomwe sowo inadula, nthawi zambiri kumakhala kosapaka. Kumeneko n'komwe kumamwa madzi okolopera tsiku ndi tsiku, mpaka chitseko kutupa, kuyamba kukhula simenti, kenako chiswe n'kudzamalizitsa.

Mankhwala ake ndi osavuta. Chigwejuleni, chiume kaye pamthunzi. Palani ndi sandipepa motsata mizere ya thabwa, pukutani fumbi. Vanishi woyamba musungunuleko ndi thina kuti alowerere m'kati. Akauma, palaninso pang'ono, mupake kachiwiri ndi kachitatu, osaiwala kunsi kuja. Miyendo ya bedi ndi mipando chimodzimodzi.

Ndikulimbikira nkhaniyi chifukwa mlombwa, womwe chiswe chimaulephera, wasowa. Ambiri tikudalira paini ndi bulugamu wodulidwa asanakhwime. Chitseko chikatha m'zaka zochepa, mtengo wina umagwa m'mapiri athu ometeka kalewa, omwe anatigumukira nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

Ndiye madzulo ano ikani foni pambali, mugwade, mupapase kunsi kwa chitseko chanu. Mukamva thabwa lokhakhala, gulani kachitini ka vanishi mvula isanayambe.