Laputopu Yochedwa Ikhoza Kupepukidwa ndi Linux

Laputopu zambiri zomwe eni ake amati zatha sizinawonongeke. Kawirikawiri vuto limakhala pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, monga Windows, yomwe imafuna mphamvu zoposa zomwe makinawo ali nazo. Zikatero laputopu imachedwa kuyaka, ndipo munthu akatsegula mapulogalamu awiri kapena atatu imangoti njo.

Nkhaniyi yakula kuyambira pa 14 Okutobala 2025, pomwe Microsoft idathetsa thandizo lake la nthawi zonse pa Windows 10. Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndiponso purosesa yatsopanoko. Laputopu zakale zambiri, kuphatikizapo zogwiritsidwa kale ntchito zochokera kunja, zilibe zimenezi.

Njira ina ndiyo kuchotsa Windows n'kuikamo Linux, yomwe Linus Torvalds adayamba kulemba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, m'dziko la Finland. Linux ndi yaulere ndipo ili m'mitundu yambiri. Wodziwika kwambiri ndi Ubuntu, womwe udatuluka mu 2004 motsogozedwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Makina ofooka amayenerana ndi Lubuntu kapena Linux Mint Xfce, chifukwa izi sizidya RAM (memore ya kompyuta) yambiri ndipo maonekedwe ake sasiyana kwenikweni ndi a Windows.

Ntchito imayamba ndi kukopera zithunzi ndi zikalata zonse kwina, popeza kuika Linux pa disiki yonse kumafufuta chilichonse. Kenako pamafunika kutenga fayilo ya Linux pa intaneti. Fayiloyi imakhala ya pafupifupi 3 GB, choncho imafuna bandulo yokwanira. Pulogalamu ya Rufus imailemba pa fulashi ya 8 GB. Poyatsa laputopu, batani la F12 pa Dell kapena F9 pa HP limapereka mwayi wosankha kuti iyakire pa fulashiyo.

Gawo lofunika kwambiri lili apa. Linux imatha kugwira ntchito kuchokera pa fulashi osakhudza Windows, ndipo iyi ndiyo nthawi yoyesa Wi-Fi, mawu, kamera ndi pulinta. Zonse zikayenda bwino, munthu amasankha kufufuta Windows kapena kusunga zonse ziwiri kuti azisankha poyatsa.

Komabe pali zina zomwe Linux singathe. Microsoft Office ndi Photoshop sizipangidwira Linux. M'malo mwa Office muli LibreOffice, yomwe imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, ngakhale nthawi zina imasokoneza kayalidwe ka masamba. Linux sichizanso disiki yomwe yayamba kufa kapena fani yodzaza fumbi, ndipo masamba ambiri a intaneti otsegulidwa nthawi imodzi amalemetsabe RAM yochepa. Ngati laputopu ikadali ndi disiki yakale yozungulira, kuikamo disiki yamakono yotchedwa SSD pamodzi ndi Linux ndiko kumaonetsa kusintha kwakukulu pa mtengo wotsika kuposa kugula ina.